Makina a AI owerenga masilaidi okha: alipo anawagwiritsapo ntchito?

Maso_Atopa:
Anzanga a pagulu pano ndithandizeni maganizo. Ine ndimagwira ntchito mu labu, pano zakwana zaka 7 ndili pa maikulosikopu. Dzulo ndawerenga masilaidi a malungo kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, pofika chakumadzulo ndimangoona timadontho tofiirira paliponse ngakhale nditatsinzina. Silaidi ina ndinalemba kale kuti mulibe kanthu koma mtima sunakhazikike, ndinaibwezanso pa makina nkuyambiranso ndipo ndinapeza tizilombo tiwiri ta malungo, tooneka ngati timphete, chakumphepete kwenikweni. Anali magazi a mwana. Usiku tulo sitinabwere, ndimangoganiza kuti nanga masiku ena amene sindinabwereze aja ndinaphonya angati. Nde ndamva zoti kuli makina a AI amene amajambula silaidi okha, kufufuza tizilombo okha mpaka kuwerenga. Alipo pano anawagwirapo ndi manja ake? Zimathekadi kapena ndi zokometsera za ogulitsa basi?

Kafunsefunse:
Pepani asisi. Koma ndifunse nawo, si pali timatesiti tachangu tija tongodontheza magazi nkudikira mizere? Mukuvutikiranji ndi maso?

Gogo_wa_Giemsa:
Mwanawe usadziimbe mlandu kwambiri, chimene unachita pobweza silaidi ija ndiye ntchito yake imeneyo. Ine ndinapuma koma ndakhala pa mpando umenewo zaka zambiri ndipo ndikudziwa mmene khosi limawawira. Lamulo limati usanalembe kuti mulibe tizilombo uyang'ane malo osachepera 100 pa thick film, kadontho kochindikala ka magazi kopakidwa pagalasi kaja, ndipo ukawapeza uwerenge moyerekeza ndi maselo oyera 200. Chita masamu wekha, silaidi imodzi ya munthu amene alibe malungo imadya nthawi yambiri kuposa ya wodwala, chifukwa wodwala kwambiri umangoika diso tizilombo tili mbwee, pomwe wopanda kanthu uja uyenera kuyenda munda wonse kuti utsimikize. Tsiku lonse choncho diso la munthu limatopa, palibe katswiri amene satopa. Koma ndinene poyera, makinawo ine ndimawakayikira. Laveran anaona kachilombo ka malungo koyamba mu 1880 ku Algeria ndi diso lake, Giemsa anabweretsa utoto wake mu 1904, mpaka lero njira yomweyi ikugwirabe ntchito. Chinthu chokhalitsa chonchi sichichotsedwa ndi foni.

WaMaKodi:
A Gogo ulemu wanu, koma palibe amene akuchotsa Giemsa. Utoto ndi womwewo, silaidi ndi yomweyo, chimene chikusintha ndi amene akuyang'ana basi.

Ine mbali yanga ndi ya makompyuta nde ndifotokoze mmene zimayendera. Pamakhala kamera pa maikulosikopu, pena ndi foni chabe yomangirira pamalo oikapo diso, pena ndi sikana yokhala ndi timainjini toyendetsa silaidi ndi kusintha focus yokha. Imajambula zithunzi zambirimbiri. Zithunzizo zimalowa mu pulogalamu imene inaphunzitsidwa kale, ndipo kuphunzitsako kumakhala chonchi: akatswiri ngati a Gogowa amakhala pansi nkuzunguliza pachithunzi kuti aka ndi kachilombo, aka ndi ka platelet kothandiza magazi kuundana, ichi ndi chitsotso cha utoto. Akachita zimenezi pa zithunzi masauzande ambiri pulogalamu imayamba kugwira yokha maonekedwe ake, kadontho kofiira ka m'kachilombo kotchedwa chromatin ndi kamphete kobiriwira kaja. Nde ikaona chithunzi chatsopano imaika kabokosi pa chilichonse chokayikitsa nkupereka mulingo wa mmene yatsimikizira.

Sizamaloto ayi. Ku Makerere University ku Uganda gulu la a John Quinn linasindikiza kale zotsatira mu 2016, anagwiritsa ntchito foni ndi kachogwirizira kopangidwa ndi 3D printer, anayesa pa malungo, pa TB ndi pa mazira a njoka za m'mimba. Kampani ya Motic ili ndi EasyScan GO, ya Noul ku South Korea ili ndi miLab imene mpaka kupaka magazi ndi kuthira utoto imachita yokha mkati mwa katiriji.

Maso_Atopa:
A Kafunsefunse timatesitito timagwiritsa ntchito tsiku lililonse ndipo tathandiza anthu ambiri, koma sitikuuza kuti tizilombo tilipo tochuluka bwanji. Wodwala wagonekedwa, dokotala akufuna kudziwa ngati mankhwala akugwira, afuna nambala ya lero ndi ya mawa aone ngati ikutsika. Komanso tambiri timayang'ana puloteni yotchedwa HRP2 imene imatsalira m'magazi kwa masabata munthu atachira kale, nde kamzere kamatulukabe pomwe tizilombo tinafa kalekale.

Nesi_wa_Usiku:
Ndiwonjezere apo. Kuli tizilombo ta falciparum, mtundu woopsa kwambiri wa malungo, timene tinataya jini yopanga HRP2 ija, tesiti imati mulibe pomwe munthu akuphwanya thupi ndi malungo enieni. Zinayamba kulembedwa ku Peru mu 2010, ndipo ku Eritrea zinafika poti mu 2016 anasiya matesiti odalira HRP2 yokha. Zikatere kothawira ndi ku maikulosikopu komweko.

Kafunsefunse:
Aaa izi sindimazidziwa. Zikomo.

Tate_wa_Awiri:
Ine si wa zachipatala koma nkhaniyi yandikhudza. Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 4 anatentha thupi usiku, mmawa tinapita naye kuchipatala china, anamutenga magazi pachala, tinadikira, anatiuza kuti malungo mulibe mupatseni zoziziritsa thupi. Tinabwerera kunyumba. Tsiku lotsatira mwana anayamba kusanza chilichonse, maso kulowa mkati, osafuna ngakhale kumwa madzi, tinathamangira kwina nkupezeka kuti tizilombo tadzaza ndipo anagonekedwa masiku atatu pa diripu. Anachira tithokoze Mulungu. Kwa nthawi yaitali ndinali ndi mkwiyo ndi munthu wa mu labu yoyamba ija, koma nditawerenga zimene alemba a Maso_Atopa ndaona kuti mwina nayenso anali pa silaidi ya chimakumi angapo tsiku limenelo. Ngati makina angakhale diso lachiwiri ine ndingavomere lero lomwe.

Dokotala_Wamng'ono:
Bambo pepani kwambiri ndi zimene munadutsamo. Ndingonena kuti nthawi zina sikulakwa kwa woyang'ana. Falciparum ikakula imakamatira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mkati mwa thupi, nde pa nthawi imene mwatenga magazi pachala tizilombo toyandama timatha kukhala tochepa zedi, pakapita maola angapo tachuluka. Nchifukwa chake timati thupi likapitiriza kutentha mubwerenso tiyezenso. Makina nawonso sangaone chimene sichinagwere pa galasi.

Gogo_wa_Giemsa:
Eya, apo ndiye pamene ndikufuna tiimepo. Chimene sichili pa galasi makina sangachipeze, komanso galasi loipa ndi loipa basi. A WaMaKodi mwafotokoza bwino koma zithunzi zophunzitsira makinazo zimachokera kwa anthu amene anali ndi nthawi, madzi osungunulira utoto a buffer a pH 7.2 enieni, utoto wosungunula tsiku lomwelo, magalasi atsopano. Bwerani ku labu yotanganidwa muone. Madzi akapendekera ku asidi maselo amafiira kwambiri kachilombo nkumaoneka mbuu, akapendekera mbali inayo zonse zimangoti bii. Utoto ukagona umasiya zitsotso zimene zimafanana ndi chromatin. Wina wapaka magazi ochindikala mpaka sungathe kuwerenga zilembo kudzera pansi pake, wina waumitsa mothamanga magazi nkusweka ngati dothi la m'chilimwe, ntchentche yateraponso. Ine ndikaona silaidi yotere ndimadziwa kuti apa ndichenjere, kapena ndimauza mwana kuti kapangenso ina. Makinawo amadziwa kukana silaidi?

WaMaKodi:
Funso limeneli ndi lenileni a Gogo ndipo sindikutsutsani. Abwino amakhala ndi gawo loyeza kaye ngati chithunzi chili bwino, chikakhala chosaoneka bwino amati bwerezani. Koma vuto mwatchulalo ndi lalikulu kuposa mmene anzanga a makodi amavomerezera. Pali zithunzi zotchuka zimene National Library of Medicine ya ku America inatulutsa, maselo 27,558, theka okhala ndi tizilombo theka opanda, ochokera kwa odwala a pa Chittagong Medical College Hospital ku Bangladesh. Aliyense wophunzira AI amayesera pamenepo nkumanyadira kuti pulogalamu yanga ikulondola pafupifupi zonse. Koma maselowo anadulidwa kale limodzilimodzi, ndi a thin film, magazi opakidwa mopyapyala, a chipatala chimodzi, kathiridwe ka utoto kofanana. Pulogalamu yomweyo ukaipatsa zithunzi za maikulosikopu ina, babu lachikasu, foni ya mtundu wina, imayamba kusokonezeka chifukwa mwina inaphunzira mtundu wa kuwala osati kachilombo.

China chimene anthu saganizira ndi ichi. Tiyerekeze pulogalamu imalakwitsa kamodzi pa maselo 1,000 alionse, zikumveka ngati zabwino kwambiri eti. Koma ikayang'ana maselo 5,000 a munthu wabwinobwino ipeza tizilombo 5 tabodza, nde munthu uja walembedwa kuti ali ndi malungo. Kulondola pa selo ndi kulondola pa wodwala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wogulitsa akakuuzani peresenti mufunseni kuti ndi ya maselo, ya zithunzi kapena ya anthu, ndipo anthuwo anali ndi tizilombo tochuluka bwanji.

Chilungamo22:
Nde mwavomereza nokha kuti sizigwira.

WaMaKodi:
Ayi sindinatero. Ndati zimagwira pomwe zayesedwa moyenera, ndipo zimafooka pamene tizilombo tili tochepa kwambiri ndi posiyanitsa mitundu. Nanga anthufe sitifooka pomwepo?

Chilungamo22:
Munthu akalakwitsa timadziwa womufunsa. Makina akalakwitsa mwana nkumwalira tikagwira ndani, kampani ili kutsidya kwa nyanja?

Dokotala_Wamng'ono:
Achimwene funso lanu ndi lomveka. Mmene ndikuonera ine pepala la zotsatira lizisainidwabe ndi munthu. Ku ARUP Laboratories ku Salt Lake City anayamba mu 2019 kugwiritsa ntchito AI ya kampani ya Techcyte poyang'ana masilaidi a chimbudzi othiridwa utoto wa trichrome, koma sanachotse anthu. Makina amasefa nkuonetsa pa sikirini tinthu tokayikitsa, katswiri nkuyang'ana tithunzito, ndipo zimene zaoneka kuti muli kanthu amakatsimikiza. Ntchito yotopetsa yofufuza m'masilaidi opanda kanthu ndi imene imachepa.

Maso_Atopa:
Zimenezo ndi zimene ndikulakalaka ine. Sindikufuna ondichotsera udindo, ndikufuna ondilozera kuti yang'ana apa ndi apa. Timphete tiwiri tadzulo tija tikanakhala kuti tinaikidwa m'kabokosi sibwenzi nditalemba zolakwika poyamba paja.

Wophunzira_Labu:
Akuluakulu ine ndili chaka chachiwiri ku koleji ndipo kunena zoona zokambiranazi zikundiopsa. Tikuloweza maonekedwe a mazira a njoka za m'mimba ndi likodzo usiku wonse, Ascaris ndi chikhungwa chake chokhakhala, Trichuris wooneka ngati mbiya yokhala ndi zotsekera mbali zonse ziwiri, likodzo la m'chikhodzodzo munga wake uli kunsonga pomwe la m'matumbo uli m'mbali. Nde tikamaliza tidzapeza bokosi likuchita zonsezi, ife tidzakhala ongopukuta magalasi?

Gogo_wa_Giemsa:
Mdzukulu loweza ndithu usagwe mphwayi. Amene amaphunzitsa makinawo ndi ndani ngati si anthu odziwa mazirawo? Ndipo tsiku limene bokosilo lidzalemba kuti njere ya mungu wa maluwa ndi dzira la njoka, adzaligwira bodza ndi iweyo. Chimene ndikuopa ine ndi china, kuti ana adzazolowera kungodina batani la kuvomereza, pakapita zaka 5 diso lafa, makina akawonongeka labu yonse yaima.

Nesi_wa_Usiku:
Komanso magetsi. Ife tsiku lina usiku anazima tili ndi mwana wokomoka, mnzathu wa mu labu anaunikira ndi tochi pansi pa maikulosikopu mpaka anawerenga ndithu. Sikana yofuna magetsi ndi intaneti ikanatithandiza chiyani nthawi imeneyo?

WaMaKodi:
Ena amayendera batire ndipo pulogalamu imakhala mu foni momwemo osafuna netiweki. Koma ena amatumizadi zithunzi pa intaneti kuti zikawerengedwe kwina, nde pogula muzifunsa zimenezo poyamba.

MlondaWaZida:
Poti mwatchula tochi ndilowetsepo yanga. Ine ndimakonza zipangizo za m'malabu ndipo chimene chimapha maikulosikopu ambiri si ukalamba ayi, ndi nkhungu ndi mafuta. Anthu amasiya immersion oil pa lens ya 100 osapukuta, amauma nkukhala ngati ulimbo, ena mafuta enieni akatha amathira alionse amene apeza nkuwononga zomatira za mkati. Kumalo a chinyezi nkhungu imamera mkati mwa magalasi ngati ukonde wa kangaude ndipo ikadya galasi basi kwatha. Musamaphimbe ndi pulasitiki yosatulutsa mpweya, ikani m'bokosi ndi silica gel, akasintha mtundu muumitseninso.

Kafunsefunse:
Lens amapukuta ndi chani? Ine ndinaonapo wina akugwiritsa ntchito ngodya ya gauni yake.

MlondaWaZida:
Ameneyo akukanda galasi. Pali timapepala take tofewa ta lens, topukutira kamodzi nkutaya. Nsalu ayi, thonje louma ayi.

Chilungamo22:
Nde ngati tikulephera kusamala chitsulo chopanda waya wambiri, cha timainjini ndi kamera tidzachitha?

MlondaWaZida:
Limenelo ndi funso loti ogula azifunsa asanasaine, kuti chikafa akonza ndani, zida zosinthira zichokera kuti, ndipo ngati chimafuna makatiriji ake okha akasiya kubwera chidzagwira ndi chani. Ndaona zipangizo zabwinobwino zili pakona zitaphimbidwa nsalu chifukwa cha kachinthu kamodzi kosowa.

Maso_Atopa:
Tabwereraniko ku funso langa anzanga, za mafuta tazimva ndipo ndapukuta kale lens yanga. Pali pena pomwe makina otere anathandizadi anthu ambiri kumudzi osati mu labu yofufuzira mokha?

Dokotala_Wamng'ono:
Palipo asisi, ndipo nkhani yake ndimaikonda. Ku Central Africa kuli kanyongolotsi kotchedwa Loa loa kamene ana ake amayandama m'magazi masana. Vuto ndi loti kumadera omwewo kulinso matenda ochititsa khungu aja a onchocerciasis, amene mankhwala ake ndi ivermectin wogawira mudzi wonse. Munthu amene ali ndi Loa wochuluka kwambiri m'magazi akamwa ivermectin amatha kudwala ubongo mpaka kufa, nde m'madera ena kugawa kunaima anthu nkumapitiriza kuvutika. Gulu la a Daniel Fletcher ku University of California, Berkeley linapanga kachipangizo kodziwika kuti LoaScope, foni yoikidwa pa kabokosi. Umatenga kadontho ka magazi pachala kulowa m'kachubu kopyapyala, osathira utoto uliwonse, foni imajambula timavidiyo tifupitifupi nkuwerenga tinyongolotsi poona mmene tikugwedezera maselo a magazi pophiriphitha. Mphindi zosakwana 3 yankho latuluka. Ku Okola ku Cameroon anayeza anthu oposa 16,000, amene anapezeka ndi tinyongolotsi toposa 20,000 pa mililita sanapatsidwe mankhwalawo, ambiri mwa otsalawo anamwa, ndipo palibe amene anadwala moopsa. Zinasindikizidwa mu New England Journal of Medicine mu 2017.

WaMaKodi:
Ndipo taonani chifukwa chake zinatheka. Funso linali limodzi lokha, tinyongolotsi tachuluka kupitirira mzere kapena ayi. Sanaifunse foni kuti itchule matenda onse a m'magazi. Komanso imeneyo si AI yozama ngati ya masiku ano, ndi pulogalamu yoona kugwedezeka basi, koma inachita chimene munthu sakanatha, kuwerengera mudzi wonse pomwepo anthu ali pamzere.

Mayi_wa_Kafukufuku:
Ndakhala ndikungowerenga koma apa ndiyankhulepo chifukwa ntchito yanga ndi yoyeza ana a sukulu njoka za m'mimba ndi likodzo. Anthu mukukamba kwambiri za malungo koma kumene makinawa angatipepuzire msanga ndi ku mazira. Dzira ndi lalikulu, silifuna lens ya mafuta, ndipo maonekedwe ake sasinthasintha ngati kamphete ka malungo.

Amene simunachitepo Kato-Katz, njira yowerengera mazira m'chimbudzi, ndikuuzeni mmene zimakhalira. Umasefa chimbudzi pa kasefa, kudzaza kabowo ka template kamene kamatenga mamiligalamu 41.7, kuphimba ndi cellophane yonyika mu glycerol, kukanikiza kuti chifalikire, nde uwerenge dzira lililonse pa silaidi yonse nkuchulukitsa ndi 24 kuti upeze mazira pa galamu. Tsopano mazira a hookworm, njoka zoyamwa magazi m'matumbo, sadikira, pakangotha mphindi 30 mpaka 60 glycerol amawayeretsa mpaka kusowa. Nde taganizani masilaidi ali ndandanda patebulo, fungo lili thoo, kukutentha, wotchi ikuthamanga, mwana wina ali ndi mazira a Ascaris mazanamazana ndipo chala chili pa kauntala kudina osaleka. Ukafika kumapeto hookworm wa m'masilaidi otsalawo wapita kale. Sikana ikajambula nthawi isanathe chithunzicho chimakhala, ungathe kuchiyang'ananso mawa kapena kutumizira mnzako.

Chinanso nchakuti pamene mankhwala akugawidwa chaka ndi chaka ana ambiri amatsala ndi mazira ochepa, limodzi kapena awiri pa silaidi yonse, ndipo amenewo ndi amene diso limadumpha. Ofufuza a ku Helsinki ndi anzawo a ku Kenya anayesa ku Kwale kujambula masilaidi a Kato-Katz ndi sikana yonyamulika, ndipo AI inapeza matenda opepuka ena amene owerenga ndi maso anawaphonya. Za mkodzo nakonso kuli Schistoscope ya ku Delft University of Technology imene anaiyesa ku Nigeria, yowerenga mazira a likodzo pa kasefa mutasefa mamililita 10 a mkodzo.

Gogo_wa_Giemsa:
Mayi apa mwandigwira mtima. Za hookworm kusowa ndi zoona, ndinazionapo kambirimbiri. Pa mazira ndikhoza kugonja. Koma mkodzowo ukatengedwa mmamawa mmalo mwa pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko masana mazira amakhala ochepa, kaya pali makina kaya palibe. Chimodzimodzi tinyongolotsi totupitsa miyendo tija, m'madera ambiri timatuluka m'magazi usiku, ukatenga magazi masana ungojambula maselo okhaokha.

Mayi_wa_Kafukufuku:
Zoona a Gogo. Katengedwe ka sampulo kali m'manja mwathu ndipo kadzakhalabe momwemo.

Wophunzira_Labu:
Nanga zimene ngakhale aphunzitsi amati sizisiyanitsika ndi maso, AI ingathe?

Dokotala_Wamng'ono:
Ngati ukunena Entamoeba histolytica ndi Entamoeba dispar, tizilombo ta m'matumbo, ma cyst ake otuluka m'chimbudzi ndi ofanana ndendende pomwe wina amayambitsa kamwazi wina savulaza. Pamenepo pamafunika mayeso ena monga PCR oyeza DNA, chithunzi chokha sichikwanira. Palinso mtundu wa malungo wa Plasmodium knowlesi wochokera kwa anyani, ku Sarawak ku Malaysia kwa zaka anthu ankalemba kuti ndi mtundu wina wotchedwa malariae chifukwa amafanana, mpaka ofufuza anatulukira zoona zake mu 2004 poyeza DNA. Knowlesi amachulukana maola 24 alionse ndipo amapha, malariae amayenda pang'onopang'ono. Makina ophunzitsidwa ndi zithunzi zimene anthu analemba dzina lolakwika adzabwereza kulakwa komweko molimba mtima. Ndipo mtundu ndi wofunika pa mankhwala, malungo a vivax ndi ovale amabisala m'chiwindi nkumabwereranso, amafuna primaquine, amenenso sungangopereka usanaganizire za G6PD, enzayimu imene ikasowa m'thupi mankhwalawa amaswa maselo ofiira a magazi.

Chilungamo22:
Ine chikundivutabe ndi china. Zithunzi za magazi angazo zikapita pa intaneti zimakathera kuti? Wandipempha ndani kuti magazi anga akaphunzitse makina a kampani yoti mawa idzatigulitsa?

WaMaKodi:
Apa ndili mbali yanu achimwene. Chithunzi cha maselo pachokha sichionetsa nkhope, koma chikapita ndi dzina, zaka, tsiku ndi malo ndiye kuti ndi mbiri ya wodwala. Ziyenera kuchotsedwa mayina zisanatuluke mu labu, ndipo ngati zikukagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku pakhale chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa odwala. Komanso amene apereka masilaidi ndi akatswiri olemba zizindikiro asamangokhala otumikira, akhale ndi mawu pa mmene chinthucho chidzagwirire ntchito.

Tate_wa_Awiri:
Ine ngati angandifunse bwinobwino ndingalole, bola zithandize mwana wa wina asadutse mmene anadutsa wanga. Koma andifunse.

Nesi_wa_Usiku:
Lipoti la WHO linati mu 2023 anthu pafupifupi 263 miliyoni anadwala malungo ndipo pafupifupi 597,000 anamwalira, ambiri mwa iwo ana aang'ono a mu Africa. Odziwa bwino maikulosikopu ndi ochepa poyerekeza ndi chiwerengero chimenecho, ndipo usiku kawirikawiri kumakhala mmodzi kapena kulibiretu. Ine chipangizo choti ndiikemo silaidi 2 koloko usiku nkundipatsa nambala, mmawa katswiri nkudzatsimikiza, ndingachilandire ndi manja awiri.

Gogo_wa_Giemsa:
Mwana wanga bola silaidiyo ukhale unaphunzitsidwa kuipaka bwino. Ndiponso makina akati mulibe koma mwana akuoneka kuti ndi malungo aakulu, usadikire mmawa, itana dokotala.

Nesi_wa_Usiku:
Zimenezo ndiye sitinyengerera a Gogo.

Maso_Atopa:
Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Kuntchito kwathu kunabwerapo anthu ena ofuna kudzationetsa makina otere ndipo akuti abweranso, nde ndaganiza chochita. Ndiyamba kusunga bokosi la masilaidi athu enieni, osati osankha okongola, ena a tizilombo tochuluka, ena a timphete tiwiri ngati yadzulo ija, ena opanda kanthu koma odzaza zitsotso za utoto, ndi angapo a mitundu ina osati falciparum ndikawapeza. Akadzabwera ndidzati yambani ndi awa. Ndikambirana kaye ndi abwana a labu mawa.

WaMaKodi:
Mwaganiza bwino asisi. Opanda kanthuwo achuluke ndithu, chifukwa ndi amene adzakuonetseni ngati makinawo amaona tizilombo pomwe palibe. Mulembenso nthawi imene akutenga pa silaidi imodzi kuyambira kuika mpaka yankho, ndi kuti akana angati. Ndipo silaidi imodzi muilowetse kawiri masiku osiyana muone ngati nambala ikufanana.

Gogo_wa_Giemsa:
Silaidi iliyonse iwerengedwe ndi anthu awiri aliyense payekha osaonerana, akasiyana aitane wachitatu, yankho mulembe m'kabuku kamene obwera ndi makinawo sadzakaona mpaka atamaliza. Pagalasi palembedwe nambala yokha, dzina la wodwala ayi. Mafuta muwachotse mosamala musanasunge, osakhula pa thick film chifukwa imachoka, ndipo bokosilo likhale potseka pouma, mphemvu zimadya magazi ouma usiku umodzi wokha.

Wophunzira_Labu:
Asisi mukadzayesa mudzatiuze zotsatira pano chonde. Ndipo ngati nkotheka mudzajambule timphete tiwiri tija ndi foni mutiikire, sindinaonepo silaidi ya tizilombo tochepa choncho.

Maso_Atopa:
Ndidzafunsa abwana ngati ndingaike chithunzicho popanda chilichonse cha wodwala. Silaidiyo ndaisunga kale, ndi nambala 1 m'bokosimo.